Sabata Imene Ndinasambitsa Mvuu ya Abiti Saidi

Lolemba

Sabata yayamba, ndipo yayambira pakhomo panga!

Lamulungu likudzali a ku Lunho akubwera kudzamanga chinkhoswe cha mwana wanga Luwiza. Mnyamatayo ndi Zakariya, ali ndi boti lakelake ndi mota wake. Akubwera ndi ankhoswe, azakhali, ndi azakhali a azakhali. Anthu a ku Lunho akaona mpunga sayankhula, sapuma, saphethira. Choncho mpunga uyenera kuchuluka, ndipo pa Nkholongue pano mphika wa ntchito yotere ulipo umodzi wokha: Mvuu.

Mvuu ndi chimphika cha aluminiyo cha Abiti Saidi, amayi achikulire a kuseri kwa mzikiti. Inabwera pa chombo ndi malemu amuna awo ine ndisanamere mano. Munthu wamkulu akhoza kukhalamo n'kuitana mlendo. Ukwati wa kutchalitchi, Mvuu. Sadaka ya Asilamu, Mvuu. Maliro a aliyense, Mvuu. Lero ndaikunkhuniza ndekha mpaka kuno, mudzi wonse ukundipatsa njira.

Malamulo a Abiti:
— nkhumba isayandikire
— Mvuu sibwerera yopanda kanthu, muzikhala kambale ka mwini wake
— "Mutsuke m'kati mokha, baba. Kunja musakhudze."

Koma kuda kwake, abale! Mwaye wa kumatako kwake ndi wochindikala ngati chala changa chachikulu. Mmenemo muli utsi wa maukwati amene anatha kalekale. A ku Lunho adzaone zimenezi pa chinkhoswe cha mwana wanga? Akatiseka mpaka ku Likoma.

Ndipo onani mmene Mulungu amakondera anthu ake. Masana alamu anga a Tome, kondakitala wa shapa, minibasi ya ku Lichinga, atsika ndi thumba la ufa woyera mbee. Akuti nyumba ina yochapa zovala m'tauni yatseka, thumba linangotsala. "Iyi si soda ya therere ija, alamu. Iyi ndi mkulu wake."

Ndayesa pompo. Dzanja limodzi m'beseni la madzi a m'nyanja. Madzi afunda okha, popanda moto! Ndaviika zala: zikuterera ngati ndagwira mlamba. Mbale ya mafuta a kampango ndangoilowetsa, yatuluka ikundionetsa nkhope. Nkhope yabwino ndithu.

Basi, ndaganiza. Mvuu isamba. Lamulungu iziwala mpaka asilikali a pamadzi a ku Metangula aziti tayatsa nyali.

Luwiza wandipeza ndikumwetulira thumba. "Ababa, ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Sabata ino musakonze chilichonse."

Akunena za denga lija ndinakonza n'kusasuka. Inalakwa ndi mphepo ya mwera, osati ine.

Ndamulonjeza. Kutsuka si kukonza.

Lachiwiri

Ndadzuka ndili dotolo wa madzi. Sukulu ndinalekera kwarata kalase, kalasi yachinayi, koma mutu sunalekere pamenepo.

Zimene ndatulukira tiyi asanawire:

— Soda m'madzi a m'nyanja: madzi oyera, oterera.
— Soda m'madzi a pa bomba, mjigo wathu: mkaka! Mkaka weniweni, popanda ng'ombe! Ndalawa ndi nsonga ya lilime. Si mkaka. Lilime likadali londikwiyira.
— Ndimu lofinyira m'madzi a soda: fwaaa! Thovu mpaka pamphuno!
— Madzi ofiira a chidede, kasoda pang'ono: asanduka obiriwira ngati ndulu. Ndimu pamwamba: afiiranso! Soda: ndulu. Ndimu: magazi. Ndawayendetsa uku ndi uku mpaka kapu yasefukira pa thalauza.

Zinthu ngati izi kale anthu amathamangitsidwa nazo m'mudzi. Ine ndikuchita masana, ndili ndi mtanda pakhosi.

Luwiza, amene anafika desima kalase, kalasi ya khumi, wayang'ana kapu osadabwa n'komwe. "Mandimu ndi asidu, Ababa. Soda yanuyo ikalowa m'madzi, madziwo amasanduka baze. Zikakumana zimathetsana mphamvu, ndipo thovulo ndi mpweya ukuthawa." Za mkaka akuti ndi njereza ya m'miyala imene imabisala m'madzi a pa bomba, soda yangoitulutsa poyera.

Zonsezi ndimazidziwa, ndimangosowa mayina. Ndiye kuti dziko lonse lili ndi matimu awiri:

Timu ya Asidu, yowawasa: mandimu, bwemba, malambe, thobwa logona, pakamwa pa amake Luwiza ndikachedwa kugombe.

Timu ya Baze, yoterera: soda, sopo, chidulo, alamu Tome ntchito ikaoneka.

Ndauza amake Luwiza timu yawo. Akuti ndichoke pakhitchini ndi makapu angawo, ufa wa kondowole uli pomwepo.

Tsopano ntchito yeniyeni. Vuto: mphika umaviikidwa m'beseni, nanga mphika woposa mabeseni onse uviikidwa m'chiyani? Munthu wamba akanalira. Ine ndakumba dzenje kuseri kwa nthochi, ndayalamo lona lakuda loyanikira usipa, ndatunga madzi mpaka msana kulira. Soda ndathira mbale, mbale ina, ina ya ulemu wa a ku Lunho, ina ya Zakariya payekha. Ndakunkhuniziramo Mvuu. Phuvu! Yakhala m'dziwe lake, makutu okha kuonekera.

Mvuu m'madzi! Zaka zonsezi palibe anaganiza. Dzina lenilenilo limapempha.

Ndaphimba ndi makwani a nthochi. Amake Luwiza ndawauza kuti ndaibisa kuopa nkhuku. Adzaone Loweruka, adzakomoke mwadongosolo.

Lachitatu

Aleluya! Madzi a m'dzenje asanduka tiyi wopanda mkaka. Mwaye ukusendeka zikambazikamba ngati khungwa la chinangwa choviika. Ndachotsa chikamba china chachikulu ngati nsapato yanga. Ndikuganiza ndi cha ukwati wanga womwe, chikununkhabe mbuzi.

Ndipo chodabwitsa: pamene chitsulo chaonekera pakutuluka timathovu ting'onoting'ono, tambirimbiri, tikukwera mwakachetechete. Ndimu sindinathiremo. Ndiye thovu likuchokera kuti? Ndaganiza mozama, ndapeza: Mvuu ikupuma. Zaka zonsezi inali yotsekeka khungu.

Kuti ipume bwino:
— ndowa za madzi otentha (timathovu tachuluka, zikomo)
— soda ina
— kukhula ndi mchenga ndi chikopa cha chimanga, makamaka kumatako

Manja anga ayamba kuoneka ngati a gogo wochapa. Zala zayera, zang'ambika m'mizere, ndimu likakhudza ndimaimba nyimbo ya pa Pasaka. Palibe kanthu. Anthu akuluakulu onse ali ndi zipsera.

Malaya anga oyera a Lamulungu ndawachapanso ndi madzi a soda. Ayera mpaka agalu akuwauwa. Amake Luwiza awatembenuza kawiri, anena kuti "hmm." Pa zaka zonse za ukwati wathu, "hmm" ameneyu ndi mendulo.

Kenaka ndalakwitsa pang'ono. Pang'ono penipeni. Therere linali pamoto, iwo apita kukatenga mchere. Ndati ngati mng'ono wake amafewetsa therere, nanga mkulu wake? Kasupuni kamodzi. Chabwino, supuni.

Therere labiriwira ngati penti ya sitolo. Kukoma kwake: sopo wokazinga. Alamu Tome, amene amafika nthawi ya chakudya ngati ali ndi wotchi m'mimba, ameza kamodzi, maso atuluka, akuti akumbukira kuti adya kale.

Amake Luwiza: "Chidulo changa sichinachitepo chonchi. Ndani anaima pafupi ndi mphika uwu?"

Ndati mwina ndi phulusa la mtengo wolakwika. Andiyang'ana manja. Ndawaika m'thumba.

Madzulo Abiti Saidi adutsa ndi ndodo yawo akuchokera kogula utaka. "Mvuu yagona bwanji kwanuko, baba?"

"Ngati mfumukazi, amayi."

"Ikhale pouma. Siikonda chinyezi."

Mvuu yosakonda madzi! Ukalamba ndi nkhani ina. Ndawaperekeza mpaka pa mango, ndikuseka chamumtima. Lamulungu adzandipatsa mwana wina ngati ali naye.

Lachinayi

Ndaivuula.

Eee.

Mwaye wachoka, inde. Wonse. Koma kuwala kulibe. Mvuu yatuwa ngati munthu wodwala chaka chathunthu, kwina yada ngati mtambo wa mvula, ndipo ukaisisita ikukanda ngati lilime la mphaka. Kumatako kuli timaenje ngati nkhope ya nthomba.

Ndakhala pansi. Ndaimirira. Ndakhalanso.

Kenaka mutu wagwira! Baze wapambana mopitirira, wayamba kuvutitsa ndi oonerera omwe. Mankhwala ake ndi timu inayo! Si mwana wanga yemwe anati zimathetsana mphamvu?

Ndasonkhanitsa Asidu yense wa pa Nkholongue:
— mandimu onse a mumtengo mwathu, ndi ena a mumtengo woyandikana nawo umene nthambi zake zimaloza kwathu
— bwemba wa amake Luwiza (ndidzafotokoza)
— vinagiri botolo limodzi la ku baraka, kagolosale ka m'mudzi
— thobwa limene alamu Tome analiiwala sabata yatha

Ndasakaniza m'ndowa. Ndabwezera Mvuu m'dzenje, ndati nkhondo ichitikire pomwepo. Ndakhuthula.

Amayi anga ine!

Dzenje labangula. Thovu lakuda ladzuka ngati nyanja ya mwezi wa mwera, lakwera nthochi, latsika, lalowa njira ya kubafa. Abakha a oyandikana nawo amira mpaka m'khosi akuyenda pamtunda. Ine ndaterereka, ndakhala pansi m'kati mwa sayansi. Anthu athamanga kuchokera kugombe, ena ndi ndowa poyesa moto, ena ndi mabuku a nyimbo.

Chinsinsi chatha.

Amake Luwiza aima, manja m'chiuno. "Mwati mwaibisa kuopa nkhuku."

Luwiza sanayang'ane thovu, wayang'ana mphika. "Ababa, yakhalamo kuyambira liti?"

Koma dikirani! Ndaitsukuluza kunyanja, ndatenga makoko a mandimu aja ndi mchenga wosalala, ndakhula. Pamene ndimu ladutsa, kuda kukuchoka! Ndakhula mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo Mvuu yawala! Yawala, abale! Mbalame zikusochera! Amayi ena akonzera duku pamenepo. Mkulu wina wavula chipewa.

Ndaikunkhuniza pang'onopang'ono kudutsa pa bomba, pa baraka, pa tchalitchi, ngakhale njira yachidule inalipo. Kwa Abiti sindinadutse. Iwo adzaone Lamulungu, mpunga uli m'kati.

Amene amati denga, denga, ali kuti lero?

Luwiza yekha ndiye sakuomba m'manja. Akuti mawa tiiyese ndi madzi. Ana a sukulu! Chinthu chikuwala chonchi, n'kuchiyesanso?

Lachisanu

Taiyesa.

Mafuwa atatu akuluakulu, nkhuni pansi, Mvuu pamwamba ikunyezimira, madzi ndowa zingapo. Ndayatsa moto ndekha, anthu aone.

Tsss.

Ndati ndi nkhuni zaziwisi.

Tsss. Tsss. Tsssss.

Moto wazima. Ndagwada, ndasuzumira pansi. Kukugwa mvula. Pansi pa mphika pokha, Niassa yense ali pa dzuwa.

Taikhuthula, taitembenuza, Luwiza walowa m'kati mwake n'kuyang'ana kumwamba. Mawu ake amveka ngati ochokera m'chitsime: "Ndikuona nyenyezi, Ababa."

Timabowo tina n'tatsopano, tosongoka ngati singano. Tina n'takale, m'mbali mwake mosalala. Ndiye kuti Mvuu inabooka kalekale, ndipo chimene chimagwira madzi zaka zonsezi ndi mwaye uja ndi mafuta opserera. Chikamba chija chonga nsapato sichinali litsiro. Chinali thako.

Ndiye timathovu tija? Luwiza akuti sikunali kupuma. Soda yotentha imadya aluminiyo. Ndamufunsa chifukwa chake sanandiuze Lachiwiri. "Munandionetsa kapu ya chidede, Ababa. Simunandionetse dzenje."

Kenaka walowa m'nyumba, watseka chitseko pang'onopang'ono. Bola akanamenyetsa. Kutseka kwa pang'onopang'ono kumapweteka kuposa ndimu pa zala.

Amake Luwiza sanakalipe, chimene chandiopsa kwambiri. "Mpunga ulipo. Mbuzi ilipo. Alendo akubwera mkuja. Ndiphikire m'chipewa chanu?"

Ndati ndikonza. Mawu amenewa atangotuluka, ngakhale nkhuku zandiyang'ana.

Ndakwera njinga mpaka ku Metangula kwa mmisiri wokhoma zidebe. Pa merikado, msika wa kumeneko, akuti wapita ku maliro kumapiri, abwera sabata ya mawa. Mnzake wogulitsa maloko wandifunsa kukula kwa bowo. Ndati si bowo, ndi mabowo. Wafunsa angati. Ndati anayamba wawerengapo usipa? Wandipatsa mpando, akuti ndipume.

Mphika wina wotere m'masitolo mulibe. Waukulu kwambiri umene ndaona ungakhale mwana wa Mvuu wobadwa masiku asanakwane.

Pobwerera ndakumana ndi anthu akutuluka mu mzikiti. Abiti ali kutsogolo ndi ndodo yawo. Sindinabisale. Ndangoona kuti boti lina lofudikiza pagombe likufunika kuliyendera kunsi, ndipo ndaliyendera mpaka onse atadutsa. Lili bwino.

Loweruka

Tambala woyamba, ine ndili kale pa ntchito. Munthu amene anachotsa thako akhoza kulibwezera. Mfundo yake ndi yomweyo, kungoitembenuza.

Njira zimene ndayesa:

— Sopo m'mabowo. Wagwira bwino kwambiri mpaka madzi atafunda. Kenaka thovu. Thovu ndatopa nalo.
— Kondowole. Amamata chilichonse, anamatapo mano a alamu Tome. Pamoto wauma, wagwa ngati nkhanambo.
— Timitengo ta machesi ndi ulusi wa ukonde. Mvuu yaoneka ngati nungu. Moto wadya timitengo, wathokoza.
— Phula lomatira boti. Ili lagwira! Ndavina! Madzi awira osadontha! Ndalawa madziwo: msewu wa ku Lichinga. A ku Lunho akanadya mpunga wa tala, akanabwerera kwawo osafuna mota.
— Kubwezera mwaye. Ndapaka mafuta a nsomba kumatako, ndasonkha moto wa makoko ndi mphira. Utsi wafika ku Malawi. Mvuu yada pang'ono, ine ndada kwambiri. Ikudonthabe. Zikuoneka kuti mwaye wa zaka makumi sufulumizidwa, umafuna maliro ndi maukwati enieni.

Masana amake Luwiza amanga kapulana, chitenje chawo, molimba. "Nyamukani. Tengani mtengo wonyamulira nsomba uja."

Khomo ndi khomo, mudzi wonse, kubwereka miphika. Iwo akupempha, ine ndikunyamula. Ndipo khomo lililonse lili ndi mtengo wake: nkhani. "Tafotokozani bwino, akuti inapuma?" Ndafotokoza kwa akatekisiti. Ndafotokoza kwa ashehe. Kwa amayi ena ogontha ndafotokoza mokuwa, ndiye makomo otsatira anamva kale koma anafunabe.

Aliyense popereka mphika: "M'kati mokha, baba!" Ndi ana omwe.

Ndabwera ndikulira ngwengwengwe ngati ng'ombe ya belu, miphika kutsogolo, miphika kumbuyo, wina kumutu. Miphika ya makutu, yopanda makutu, wina wophikira mankhwala a ana, wina umene ndikukhulupirira ndi chivundikiro chabe.

Khomo limodzi tinalidumpha. Amake Luwiza akuti limenelo ndipita ndekha, ndi miyendo yanga, ndi pakamwa panga pamene pamadziwa zambiri.

Luwiza akusankha mpunga pakhonde ndi anzake. Anzake akuseka, iye ayi. Ndamva akunena chapansipansi: "Azakhali ake a Zakariya anafunsa kale ngati kwathu kuli anthu olongosoka."

Ndinali ndi nthabwala yokonzeka ya timu ya Asidu. Ndaimeza. Ikuwawa ngati therere lija.

Sindinapite kwa Abiti. Malaya ndasita. Mvuu ndaifudikiza kuseri kwa nthochi, dzenje ndakwirira. Pamene panafika thovu udzu wapsa, pakuoneka mapu a dziko lina.

Lamulungu

Misa itatha, boti la Zakariya lakocheza. Anthu atsika, atsika, atsikabe. Sindikudziwa amene watsala ku Lunho kuyang'anira nkhuku.

Kuseri kwa nyumba mafuwa ali ponseponse ngati manda a ana a mbewa. Mphika uliwonse ndi mayi wake, mayi aliyense ndi maganizo ake. Mpunga watuluka mitundumitundu: wofewa, wolimba, wopserera, wina wonunkhira mankhwala a chifuwa. Wotumikira moto wonsewo ndine, m'malaya oyera aja. Sanakhale oyera nthawi yaitali.

Azakhali a Zakariya, mayi wamtali wosaseka, ayang'ana mzere wa miphika. "Tinamva kuti kuno kuli mphika umodzi wodyetsa mudzi. Uli kuti?"

Luwiza wayang'ana pansi.

Ndipo ndodo yamveka, go, go, go. Abiti Saidi. Nkhani anaimva Lachinayi lomwe, abakha aja ndi a mdzukulu wawo. Amangodikira kuti aone ngati ndibwera ndekha.

"Katengeni, baba."

Ndaikunkhuniza pamaso pa a ku Lunho onse. M'kati ndaikamo kambale ka mpunga, lamulo ndi lamulo. Abiti achotsa kambaleko, andiuza ndiitukule kuloza dzuwa. Kuwala kwagwera pa nkhope yawo timadonthotimadontho. Ayang'ana nthawi yaitali. Aloza bowo lina losalala: ili analibowola amuna awo ndi chikombe chachitsulo, chaka chimene anabadwa mwana wawo woyamba. Kuyambira pamenepo, Mvuu ikabwera kobwerekedwa, amaipaka mafuta kumatako n'kuikhazika pa utsi. Zaka zonsezi, okha, osauza munthu.

"Ndinati m'kati mokha."

"Munatero, amayi."

Pamenepo ndinalibe timu. Ndapepesa, mawu ochepa, osakometsera. Aka n'koyamba.

Chigamulo chawo, pamaso pa Akhristu ndi Asilamu ndi a ku Lunho:
— Mvuu yapuma pa ntchito ya mpunga. Mphika wobooka pansi ndi wochezera chidulo, ndiye ikakhala kwawo, azidzazamo phulusa, amayi a mudzi wonse azidzatunga. Phulusalo wosonkhanitsa ndine.
— Mpaka mudzi udzapeze mphika wina, pakagwa maliro, ukwati kapena sadaka, woyenda khomo ndi khomo kubwereka miphika, kunyamula, kutsuka ndi kubweza, ndine.

"Kuyambira lero Mvuu ndinu. Ofuna azidzabwereka kwa akazi anu."

Wina kumbuyo wafunsa malamulo ake. Amake Luwiza ayankha osaganiza n'komwe: nkhumba ayi, asabwerere wopanda kanthu, ndipo kunja musakhudze, n'kosathandiza.

Azakhali osaseka aja aseka mpaka kutsamira mnzawo. Akuti mudzi umene umatulutsa miphika yonseyi tsiku limodzi chifukwa cha mwana mmodzi, mwana wawo akhoza kukhalamo. Ankhoswe agwirana chanza. Pempho lawo ndi limodzi: mota wa Zakariya, umene ndi wa aluminiyo ndipo ndi wakuda ndithu, uzigona kwa Abiti, osati kwa apongozi ake.

Sindinauyang'ane n'komwe. Kamodzi kokha.

Luwiza wandibweretsera mbale yekha, ya mpunga wopserera. Wakhala pambali panga pang'ono. "Idyani, a Mvuu." Akuyesa kusaseka, zikumukanika. Basi, chimenecho chandikwanira.

Thumba la soda amake Luwiza agawira amayi ochapa kugombe. Akuti pa nsalu ilibe mnzake. Ndinanena ine kuyambira Lolemba.

Manja akuwawa. Miphika yonse ili phee kudikira mchenga, ndipo mwini wake aliyense ndiyenera kumukumbukira. Koma tinene zoona: chochezera chidulo chachikulu chotere palibe kuyambira Metangula mpaka Lunho, ndipo anachipanga ndine.

Lachitatu kuli sadaka kumtunda. Andibwereka kale.